Kutsika Panjinga

M'chaka cha 1968, chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ndinalonjeza a Enoki Jafeti kuti tsiku lililonse ndikadzawapeza panjira ndidzatsika panjinga n'kuwapatsa moni. Lonjezo lake linali lomwelo basi. Sanandipemphe china.

Chaka chimenecho munthu ankatha kuchoka pa Kachulu n'kukafika ku Chisi wapansi. Pamene panali madzi panatsala dothi lotuwa, long'alukang'aluka ngati chidendene cha mlimi, ndipo mphepo ikawomba fumbi lake linkawawa m'maso. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndili ndi njinga yatsopano imene amalume anabwera nayo kuchokera kumigodi. Ndinkadzimva. Ndili paulendo wokaona azakhali kuchilumba, ndinapeza bambo wina atasenza mtolo wa nsungwi zitalizitali. Kwathu kuno wapanjinga akapeza wamkulu panjira ankatsika, n'kunena kuti "Zikomo bambo", n'kufunsa za kumene achokera, akukankha njinga, kenako n'kukweranso. Zinalibe kanthu kuti mukudziwana kapena ayi. Ine ndinangoliza belu. Bamboyo anapatuka ndi mtolo wawo, n'kunena okha "Zikomo" amene ndinayenera kunena ine.

Sindinapite patali. Pofuna kudula njira ndinasiya kanjira kamene anthu ankapondamo, ndipo dothi la pamwamba linaphwanyika ngati chikamba cha dzira. Ndinamira m'matope mpaka m'chiuno, kenako mpaka pachifuwa. Ndinakuwa. Bambo aja anatula mtolo, anayala nsungwi pamatope, n'kukwawa chafufumimba mpaka kundigwira kolala. Atanditulutsa anabwereranso kukavuula njinga, ine osawapempha.

Ndinasolola cholembera changa cha inki kuti ndiwapatse. Anaseka.

"Cholembera ndili nacho kunyumba, achimwene. Inu mukadzandipezanso panjira mudzatsike, mundipatse moni. Belu timalizira mbuzi."

"Ndikulonjeza, bambo. Kulikonse kumene ndidzakupezeni."

"Ndine Enoki Jafeti, wa ku Likangala. Basi, tsopano tadziwana."

Ndakhala kunja zaka zoposa makumi atatu, m'mayiko momwe munthu ukhoza kukhala naye mpando umodzi m'basi chaka chathunthu osamva mawu ake. Nditabwerera ndinapeza anyamata a njinga zamoto pa Songani akundiitana kuti "madala" uku akutafuna chingamu. Anzanga okalamba amapukusa mitu, amati kale kunali ulemu. Sanama. Unalipo, ndipo ndimaulira kuposa iwo, chifukwa ine ndinausowa nthawi yaitali. Koma mwa anthu onse amene ndinawadziwa m'mbali mwa nyanja ino, waulemu kuposa onse anali a Lyson.

A Lyson ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko la pa Kachulu. Anali ndi zaka makumi anayi, dazi litayamba kale, koma anali mkulu wa achinyamata a chipani m'dera lathu, ovala malaya ofiira aja. Sankadutsa munthu osavula chipewa. Ngakhale kwa mwana ankati "inu". Mu 1975 ine ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale chakumtunda, ndipo ndinali nditapeza malo okaphunzira ku Mangalande. Pasipoti inatuluka chifukwa cha kalata imene a Lyson anasainira, yonena kuti ndine munthu womvera. Kalata yotero mwini wake ankatha kuibweza ndi mawu amodzi ku boma, ndipo pasipoti inkabwerera kumene inachokera, nthawi zina pamodzi ndi mwini wake. Ulendo wanga unali wa Loweruka. Lachitatu m'mawa ndinapalasa njinga kupita kudoko kukagula matemba oti amayi aphikire abale odzanditsanzika.

Ndinapeza chingwe atachimanga kudutsa njira yochokera kumabwato, ndipo amuna asanu ndi atatu a malaya ofiira ataima pamenepo. Miyezi imeneyo a Mboni za Yehova, amene anathawira ku Mozambiki zaka zitatu m'mbuyomo chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ankabwezedwa kwawo, ndipo ena ankaolokera panyanja. Chingwecho anachimangira iwowo.

Ndinatulutsa khadi langa ndikadali pachishalo, phazi limodzi pansi, ndipo ndinayamba kukweza mwendo kuti nditsike.

"Iyayi aphunzitsi, musavutike," anatero a Lyson atavula chipewa. "Inu ndi athu. Khalani pomwepo, bwato ili likocheze, mudutse bwino. Amayi adzuka bwanji? Mwendo uja?"

"Uli bwinoko, bambo."

"Tithokoze. Loweruka eti? Mukatikumbukire kumeneko."

Bwato linagunda matope. Munatsika amayi awiri ndi madengu a nsomba, msodzi wina, kenako bambo wowonda, wa imvi m'mbali, atanyamula kaphukusi ndi khasu lopanda mpini. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitawadya, koma ndinawazindikira ndi mayendedwe, ngati munthu amene wasenzabe mtolo wa nsungwi. Atafika pachingwe anatula kaphukusi, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Moni nonse."

Palibe anayankha. Panali anthu oposa makumi atatu, ogula, ogulitsa, owamba nsomba, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pansi.

"Kwacha!" anakuwa a Lyson.

Mawu amenewo yankho lake linali limodzi. Unkakweza dzanja n'kubweza mawu omwewo mokuwa, ndipo ukatero wasonyeza mbali yako. A Enoki anayang'ana kumwamba.

"Kwachadi bambo, dzuwa lakwera kale. Mwadzuka bwanji?"

Msodzi uja anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa mochedwa. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chikhala kuti sanaseke, zinthu zikanathera pa makofi awiri atatu. Khutu la a Lyson linagwedera.

"Pepani bambo, mwina mphepo ya panyanja yakutsekani m'makutu. Ndati, kwacha!"

"Ndamva, bambo. Ine ndadzuka bwino, kaya inu anzathu."

"Tingaone nawo khadi?"

"Ndilibe."

"Tili nawo pano, musadandaule."

"Zikomo, koma pepani, sinditenga."

"Ndinu a Mboni?"

"Inde bambo."

"Zikomo kwambiri poyankha zoona. Anthu ambiri amatitayitsa nthawi." A Lyson anapereka chipewa chawo kwa mnzawo kuti awagwirire. "Tativulirani malayawo, angade. Eya. Tsopano tatigonerani apa, chafufumimba. Pepani pansi ponyowa."

A Enoki anapinda malaya awo bwinobwino, anawaika pa kaphukusi, n'kugona.

Anayamba ndi nkhafi zimene anatola m'bwato lomwelo. Amuna awiri, wina uku wina uku, mosinthana ngati akusinja. Nkhafi ikagwa chafulati pamsana imalira ngati munthu akuchapa pamwala. Ikagwa cham'mbali silira, imangolowa. Pa nkhafi yachisanu khungu linatseguka pansi pa phewa. A Enoki anati "Mayo!" kamodzi, kenako anangoluma mkono wawo. Nkhafi imodzi itathyoka, a Lyson anatulutsa m'thumba tcheni cha njinga, chakale, chamafuta, n'kuchikulunga kawiri m'dzanja. Ankamenya mosafulumira, ngati munthu wodziwa ntchito yake, ndipo tcheni chikamadzuka chinkadzuka ndi tizidutswa ta mnofu. Magazi anasakanikirana ndi matope mpaka osadziwika kuti awa ndi ati. Ntchentche za pa nsomba zinasamukira pamenepo.

Anaima. A Lyson ananjuta pafupi ndi mutu wawo.

"Bambo, tikupepesa, takuvutitsani. Mawu ndi amodzi okha. Kwacha."

A Enoki anatembenuza nkhope. "Kwacha kale, bambo."

Nsapato ya mmodzi wa anyamatawo inawapeza pakamwa. Ndinamva mano akuthyoka ndili pamtunda wa mayadi khumi. Analavula awiri, limodzi linatsalira pa mlomo, likulendewera. Wina anabwera ndi kachitini ka chitedze chimene anakonzeratu, n'kuyamba kuwaza m'mabala a pamsana ndi kamtengo, mosamala kuti chisamugwere yekha. Apo mpamene a Enoki anakuwa zenizeni. Thupi lonse linkadzipinda n'kudziwongola ngati mlamba umene auponya pamoto wamoyo, zala zikukumba matope, ndipo amuna awiri anawaponda m'manja kuti asadzikande.

Ine ndinali pomwepo, pachishalo, phazi limodzi pansi. Mwendo unachita dzanzi koma sindinausunthe.

A Lyson anapukuta manja ndi udzu, anatembenukira kwa ife.

"Abale anga, pali chinthu chimodzi chandikhumudwitsa. Bambowa pofika anapereka moni, ndipo palibe anayankha. Kodi ndi khalidwe lathu limenelo? Alendo adzati chiyani za anthu a kuno?" Anadikira. "Chabwino. Ife si nyama. Ngati pano pali munthu wa khadi amene akuwadziwa bambowa, abwere, awapatse moni, atchule dzina lawo, awatenge. Ife tiwasiya. Tingolemba dzina la wowatengayo, kuti tidziwe kuti ali m'manja mwa yani."

Ndinawerenga mabuku ambiri pambuyo pake onena za mphindi ngati imeneyo, ndipo onse amanama. Amati munthu amalimbana ndi mtima wake. Ine sindinalimbane ndi chilichonse. Ndinaona pasipoti yanga ili m'sutikesi pansi pa bedi, yobiriwira bwino, yonunkhira utoto, ndipo ndinaona a Lyson akunyowetsa pensulo palilime kuti alembe dzina langa. Zinathera pomwepo.

A Enoki anadzutsa mutu. Diso limodzi linali litatsekeka. Linalo linayenda pa anthu mmodzimmodzi, linafika pa gudumu la njinga yanga, linakwera mpaka pa belu, kenako pankhope panga. Linakhalapo kanthawi. Kenako linapitirira kwa munthu wina.

"Odi, ndidutse."

Anali Che Mwanabibi, mayi wachisilamu amene ankagulitsa tiyi ndi mandasi m'kachisakasa pambali pa njira. Anali wamfupi, wonenepa, wolongolola, ndipo ine ndinkamupewa chifukwa ankakonda kundifunsa kuti ndikwatira liti. Anabwera ndi kapu ya madzi, anawerama kudutsa pansi pa chingwe, anagwada m'matope momwemo, n'kupereka kapuyo ndi manja awiri.

"Tadzuka bwino bambo, kaya inu. Imwani."

"Che Mwanabibi," anatero a Lyson mofatsa, "ndi abale anu?"

"Sindiwadziwa."

"Dzina lawo?"

"Ndati sindiwadziwa, a Lyson, mwagontha? Munthu wapereka moni, ndayankha. Khadi langa ili." Anamasula mfundo ya pa chitenje ndi dzanja limodzi n'kuliponya pansi. "Lionetsetseni, nkhope ya pulezidenti ndi yomweyo."

"Mayi, a Mboni amenewa amati inu Asilamu mukapsa."

"Akapsa ndani tikaonera komweko. Pano ali ndi ludzu."

A Enoki anayesa kukweza mutu kuti afike pa kapu. A Lyson anadikira mpaka mlomo utakhudza madzi, ndipo anamenya kapuyo ndi tcheni. Tchenicho chinatenga kapu ndi zala pamodzi. Che Mwanabibi anayang'ana dzanja lake, zala ziwiri zitapindikira kumbuyo, ndipo asanakuwe n'komwe nkhafi inamugwera pamkono. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Anamukoka ndi mpango wa kumutu mpaka mpangowo unavuka, mayi wamkulu n'kukhala mutu pambalambanda pamaso pa amuna, ndipo anayesa kudziphimba ndi dzanja lothyokalo. Awiri anapita kukagwetsa chisakasa chake. Mandasi anamwazika m'matope. Wina anabwera ndi ketulo imene inali pamoto, n'kulunjika nayo kwa Che Mwanabibi.

"Iyayi, ameneyo ndi mayi," anatero a Lyson. "Tiyi ndi wa alendo."

Anawathira a Enoki kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Nthunzi inakwera. Panamveka fungo la tiyi wa mkaka ndi lina limene sindilitchula.

Che Mwanabibi, atakhala pansi, anatukwana m'Chiyao mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa mzimayi. Kenako anati, "Munanena kuti muwasiya! Tonse tamva!"

"Ndinati wowadziwa, mayi. Inu mwanena nokha, kawiri, kuti simuwadziwa." A Lyson anatembenuka, maso awo n'kupeza ine. "Aphunzitsi, inu owerenga mabuku, tithandizeni. Ndalakwitsa Chichewa pamenepa?"

Anthu onse anandiyang'ana. Che Mwanabibi anandiyang'ana. A Enoki okha ndi amene sanandiyang'ane.

"Simunalakwitse, bambo," ndinatero.

"Zikomo aphunzitsi. Mwamva nonse. Mawu aja akadalipo: wowadziwa abwere."

Anadikira nthawi yokwanira munthu kutsika panjinga n'kuyenda mayadi khumi. Kenako anapempha nkhafi ina.

Anamalizira ku miyendo, kuti, monga ananenera a Lyson, bambowa asavutikenso ndi maulendo. Anaika akakolo pa mphuno ya bwato lakale limene linali pamtunda, mmodzi atakhalira mawondo. Mwendo wamanja unathyoka pa kumenya kwachiwiri. Wamanzere unalimba, anachita kusinthana. A Enoki anali atasiya kukuwa. Ankangotulutsa mpweya ngati munthu wotopa ndi katundu. Atatha, anayi anawanyamula manja ndi miyendo kupita nawo kumsewu wa ku Zomba, kuti lole ya boma ikamabwera masana idzawatole. Mmodzi anawatengera kaphukusi, khasu lija ndi malaya opinda aja, n'kukawaikira pambali.

A Lyson anavala chipewa, anamasula chingwe ndi manja awo, n'kundikodola.

"Dutsani aphunzitsi, pepani takuchedwetsani. Matemba abwino ali ndi a Wilisoni, kumapeto uko. Mukawauze kuti ndakutumani ndine."

Ndinagula matemba. Ndinasankha mosafulumira, ndinanunkhiza, ndinakana dengu loyamba. Ndinamangirira pakaliyala, ndinamasula, ndinamanganso. Ndinapopa matayala amene anali olimba kale. Ndinkafuna lole ija ifike ine ndisananyamuke. Che Mwanabibi anamutengera kwawo amayi anzake, atamufunditsa chitenje kumutu, ndipo podutsa pafupi nane sanandifunse kuti ndikwatira liti. A malaya ofiira anakhala pansi pa mango kudya mandasi amene sanagwere m'matope. Dzuwa linafika pamutu, lole osaoneka, ndipo amayi ankadikira ndiwo. Msewu wochoka padoko ndi umodzi.

Ndinanyamuka. A Enoki sanali pamene anawasiya. Panali magazi okha ndi mkukuluzi wolowera chakumtunda. Ndinapalasa kutsatira mkukuluziwo, chifukwa unkapita kumene ndinkapita ine. Unadutsa pa mlatho wa mitengo, unakhota pamodzi ndi msewu pamene bango limabisa doko. Ndinayang'ana kumbuyo. Panalibe malaya ofiira, panalibe munthu aliyense, koma amayi atatu kutali m'minda ya mpunga, atawerama.

Ndinawapeza atakhala pakati pa msewu, pamene mchenga umasiya kanjira kamodzi kolimba koti njinga n'kudutsa. Anali atavala malaya aja, mabatani onse atamanga, nsalu itamatirira kumsana. Khasu lopanda mpini linali pamiyendo. Mapazi analoza kumene mapazi saloza. Atamva kulira kwa tcheni anatembenuka, anandiona, ndipo anagwira mwendo wamanja ndi manja awiri n'kuunyamula kuuchotsa m'kanjira. Kenako wamanzere. Zinawatengera nthawi, ndipo ine ndinachepetsa liwiro kuti amalize.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero. Mawu ankatuluka movuta pakati pa mano otsalawo. "Njinga ija mukadali nayo."

Ndinaliza belu. Sindinatsike.